Sitinyamuka Mipeni Isanadule Pepala

Pulani yonse inabadwira patebulo la pakona m'bala ija ya kuseri kwa okonza matayala, masana dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene anthu okhala ndi ntchito amakhala ali kuntchito. Patebulopo panali amuna atatu, ndipo mabotolo anali ambiri kuposa nzeru.

Wolankhula anali Tcheya. Munthuyu palibe anamusankhapo kukhala wapampando wa chilichonse, koma tayi sinkachoka m'khosi mwake, ndipo m'khwapa mwake simunkasowa nyuzipepala, ngakhale ya mwezi watha. Pambali pake panali Maginito, kamunthu kowonda, kansangala, kamene zinthu za eni zinkangokamamatira. Iye ankalumbira kuti saba ayi, amangodabwa akafika kunyumba kupeza supuni m'thumba. Wachitatu anali Sipanala, mlamu wake wa Tcheya, bambo wa imvi zapatalipatali amene anali atangokhala duu, botolo lake likufunda m'manja.

"Amwene, dilu iyi ndi yopanda thukuta," anatero Tcheya, akujambula mapu ndi chala pamowa wotayikira patebulo. "Iyi ndi nyumba ya a Dokotala, mai aja anapuma ntchito, amasiye. Apa geti. Apa kapinga, bwalo lonseli. Apa shedi. M'shedimu muli makina otchetchera kapinga. Osati timakina taphokoso tija timaponya miyala ayi. Awa ndi aja a mabwana, mpukutu wa mipeni kutsogolo, chigudumu chachitsulo kumbuyo, akadutsa kapinga amatsala mizeremizere. Wogula ndamupeza kale, mkulu wina wa malo ochitira maukwati."

"Tilowa polumpha mpanda?" anafunsa Maginito.

"Iwe, kulumpha mpanda n'kwa mbava zosaphunzira. Ife tilowera pageti, mlonda akutichitira sawatcha. Makinawo akuvuta. Mai aja aitana kampani yokonza, kampani yati ibwera sabata yamawa. Ife tifika Loweruka m'mawa, iwo atapita kokonzetsa tsitsi. Tivala maovolosi, tiyang'ana makina, tipukusa mitu, tinena kuti izi n'zofunika kugalaja. Takweza, tapita. Shupiti, ndikanakhala wa boma ine dziko likanalemera!"

"Nanga ine ndikufunika pati?" anafunsa Sipanala.

"Alamu, inu ndinu pakamwa pathu. Mlonda akafunsa kuti chavuta n'chiyani, ine ndinganenepo chiyani? Inu mungotchula mawu awiri achitsulo, kenako mutseke pakamwa. Gawo lanu mukagule kamakina kanukanu, muyambe geni yotchetcha m'makomo."

Sipanala, ndinene poyera, sanali mbava. Chiyambire unyamata wake ankasamalira kapinga pabwalo lina la masewero, ndipo ankamudziwa kapinga monga mai adziwira kulira kwa mwana wake. Kenako akuluakulu a bwalolo anagula kapinga wa pulasitiki. Sipanala anaima poteropo n'kumaonerera anthu akumuyala ngati kapeti, ndipo mwezi usanathe anamuuza kuti zikomo kwambiri, pulasitiki sakula. Kuyambira pamenepo anangokhala pakhomo, banja lonse likudalira makina osokera a mkazi wake.

Tsiku la pulanili, m'mawa, mkaziyo anali atatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Sanakalipe, ndipo n'zimene zinaopsa kwambiri. Analankhula akupinda zovala za ana.

"Bambo a ana, ine ndatopa. Mwezi uno ukatha musanapeze chochita, ine ndi ana tikakhala kwa achemwali. Sindikukuopsezani, ndikungokuuzani."

Sipanala ankamukonda mkazi wake, ndipo sutikesi ija inali kumudya mtima. Anakweza botolo lofunda lija n'kulimaliza.

"Mawu awiri okha?" anafunsa.

"Awiri okha, alamu. Ngakhale amodzi."

*

Loweruka anafika ndi pikapu yobwereka, yolira poima ndi poyenda pomwe. Onse anavala maovolosi abuluu, koma Tcheya anatulutsa tayi yake pamwamba kuti adziwike kuti bwana ndani.

Mlonda anali chimunthu chachikulu, cha mapewa odzaza geti, choyankhula mosafulumira.

"Paja anati mubwera sabata yamawa?"

"Makasitomala athu timawakonda, bigi," anatero Tcheya. "Ena amachedwa, ife timafulumira."

Geti linatseguka. Pikapu inalowa m'kanjira kopapatiza ka simenti, mpanda mbali imodzi, kapinga mbali inayo, n'kukaima pafupi ndi shedi. Tcheya anatsinzinira Maginito diso. Zonse zinali kuyenda ngati mmene anajambulira pamowa paja.

Ndiye Sipanala anatsika n'kuona kapingayo.

Kalanga ine! Nsonga zonse zinali zofiirira, zong'ambika ngati wina wazitafuna n'kulavula. Apa padulidwa, apa pasiyidwa nsumphu, uko kwakumbika mpaka dothi. Sipanala anagwada, nathothola katsamba kamodzi n'kukayandikitsa kumaso. Mtima unamuwawa zenizeni.

"Alamu, shedi ili uku," anatero Tcheya.

Mlonda anakankha makinawo kuwatulutsa panja. Anali akale, obiriwira, olemera, a chitsulo chenicheni, kutsogolo kuli bokosi lotsegula pamwamba lolandirira udzu. Tcheya anawazungulira, nagogoda tanki ya mafuta ndi chala, napukusa mutu mwaukatswiri.

"Mmm. Izi n'zofunika kugalaja."

"Chavuta n'chiyani kodi?" anafunsa mlonda.

Apa m'pamene Sipanala anayenera kutchula mawu ake awiri. Koma iye anali atagwada kale. Anazula chipewa cha pulagi kuti injini isadzuke dzanja lili m'mipeni, anachotsa bokosi lija, lomwe linali ndi udzu wakale wouma mpaka pakati, n'kulipereka kwa Maginito.

"Kakhuthule uko."

Kenako anakankha mpukutu wa mipeni ndi dzanja. Unazungulira wekha, mwaulesi, osagunda kanthu, osatulutsa ngakhale kaphokoso.

"Ndani wakhala akugwira makinawa?" Mawu ake anali a munthu wofunsa amene wamenya mwana wake.

"Ndine," anatero mlonda. "Chichokere wa m'dimba uja, mai anati ndiziyesako. Ankalira kwii-kwii, ndiye ndinamasula mabawuti awa kuti apume."

"Munamasula! Achimwene, munamasula! Tamverani. Makina awa ndi sizasi. Mipeni yozungulirayi ndi mbali imodzi, mpeni wogona pansiwu ndi mbali inayo. Zikatalikirana, udzu sudulidwa, umangopindika n'kung'ambika. Zikathinana kwambiri, zimalira, zimatentha, zimadyana. Zimafunika kungopsopsonana basi. Inu munazisudzula!"

Mlonda anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

"Ndiye n'chifukwa chake tikuti kugalaja," analowerera Tcheya. "Gwirani uko tikweze."

Sipanala sanamve. Anasolola nyuzipepala ija m'khwapa mwa Tcheya n'kuing'amba timizere titalititali. Anaika kamzere kamodzi pakati pa mipeni, nazunguza mpukutu pang'onopang'ono. Pepala linangopindika n'kutuluka lamoyo.

"Mwaona? Ngakhale pepala likuwaseka."

Anatulutsa sipanala m'thumba la ovolosi. Kumanzere anamanga bawuti pang'ono chabe, kumanja pang'ono chabe, nayesanso. Pepala linapindika. Anamanganso, mbali zonse mofanana, ngati munthu wothira mchere m'ndiwo za alendo. Kumanzere pepala linaduka. Kumanja linatafunidwa.

Tcheya anawerama ngati akuyang'ana tcheni, nanong'ona mano ali chilumire.

"Alamu, mukutani? Mawu awiri aja akwana kalekale."

"Wogula uja adzawayesa. Mukufuna tichite manyazi?"

"Manyazi! Ife ndi akuba, alamu, manyazi tinawasiya kunyumba. Tiyeni tizipita."

"Sitinyamuka mipeni isanadule pepala."

Za wogula zinali zonamizira chabe. Zoona zake n'zakuti manja a Sipanala anali atakhala nthawi yaitali opanda chogwira, ndipo tsopano anali atapeza chawo. Mukanamuuza kuti nyumba ikupsa, akanayankha kuti dikirani kaye ndimalize mbali iyi.

*

Mbali zonse ziwiri zinayamba kudula, koma pakati pepala linkatulukabe lotafunidwa.

"Yabuntha pakatipa," anatero Sipanala. "Inaluma mwala. Ifunika kunola."

"Kugalaja!" anatero Tcheya mwachiyembekezo.

"Ayi, pompano. Mankhwala ndili nawo."

Anatulutsa kachitini ka mankhwala onolera, okhala ngati matope a mchenga wosalala. Munthu wopita kokaba anatengeranji zimenezi, musandifunse ine. Anamasula tcheni, nakoleka chogwirira pabawuti ya kumapeto kwa mpukutu, n'kumuitana Tcheya.

"Bwana, gwirani apa. Muzizunguza chobwerera m'mbuyo, osaima. Ine ndizipaka."

"Ine?"

"Paja ndinu bwana wa kampani. Makasitomala mumawakonda."

Mlonda anali kuyang'ana. Tcheya analowetsa tayi m'ovolosi, nagwada pasimenti. Mpukutu unayamba kulira khwee, khwee, khwee, Sipanala akupaka mankhwala ndi kaburashi kuchokera uku mpaka uko.

"Msanga pang'ono, bwana. Ayi, osati choncho, mwathamanga. Mofatsa. Eya."

Mlonda anakatenga mpando. Mai wantchito wa m'nyumbamo anatuluka ndi tiyi, naima pakhonde kuonerera bwana wa tayi akutuluka thukuta mpaka m'makutu.

"Kampani yanuyi ndi yabwino," anatero maiwo. "Mabwana ena amangoloza ndi chala."

"Ndi mwambo wathu, mai," anatero Tcheya, mpweya ukumuthera. Kenako chapansipansi: "Alamu, tikatuluka muno ndikuphani."

Nanga Maginito? Munthu wotere kumusiya opanda chochita n'kulakwa kwa inu eni. Anapempha kuchimbudzi. Mai wantchito anamulozera khomo la kukhitchini, iwo maso ali pa Tcheya. Maginito analowa, natuluka. Patapita kanthawi anagwira pamimba n'kupemphanso. Ulendo wotsatira sanapemphenso, anangolowa.

M'nyumbamo zinthu zinali kumuitana mayina. Koma Maginito anali ataona kuti mlonda uja ndi wa mtundu wosecha m'matumba potuluka, ndiye anaganiza mozama, mwina koyamba m'moyo wake. Bokosi la udzu lija anali asanalikhuthule, analisiya kuseri kwa shedi. Ndani angaseche bokosi la udzu? Ndipo bokosilo likwera nawo pikapu limodzi ndi makina. Chilichonse chimene chinamumamatira m'nyumbamo anakachikwirira pansi pa udzu wouma uja, nasalaza pamwamba, nadziyamikira yekha.

*

Dzuwa linali litakwera ndithu pamene Sipanala anatsuka mankhwala onse, napukuta mipeni, nabwezeretsa tcheni. Anamanga mabawuti komaliza, natenga kamzere ka pepala. Kumanzere, tse! Pakati, tse! Kumanja, tse! Pepala linkagwa lodulidwa bwinobwino ngati ladutsa kwa telala.

Mlonda anaomba m'manja. Mai wantchito anati, "Koma abale!"

"Zatheka," anatero Tcheya, akudzuka pasimenti paja. "Tsopano tikweze."

"Mukweze chifukwa chiyani, poti akonzeka?" anafunsa mlonda.

Funso limeneli pamowa paja panalibe. Tcheya anayang'ana makina aja kumwamba ndi pansi.

"Penti," anatero. "Akufunika penti."

"Dikirani kaye," anatero Sipanala, amene anali atagonanso chamimba kutsogolo kwa makina. "Kagudumu kakutsogoloka kapendekeka. N'chifukwa chake mbali imodzi ikumeta mpala, ina ikusiya tsitsi." Anakweza kumanja, natsitsa kumanzere, nayeza ndi kathabwa mpaka mbali zonse zinafanana. "Kapinga wodwala sitimudula pansi kwambiri. Timangomuchotsa nsonga. Bokosi lija lili kuti?"

"Ndiika ndine, madala, musavutike," anatero Maginito, nalikoleka yekha mwaulemu wodabwitsa.

"Alamu," anatero Tcheya, "musandiuze kuti mukufuna kutchetcha."

"Mzere umodzi wokha. Kungoyesa."

Anabwezera chipewa cha pulagi, nakoka chingwe. Injini inatsokomola n'kudzuka. Anafinya chogwirira, mpukutu unayamba kuimba, phokoso lofewa ngati mvula yowaza pamalata, ndipo timasamba tinayamba kuulukira m'bokosi. Fungo la udzu wodulidwa kumene linadzaza bwalo lonse. Sipanala anayenda kumbuyo kwa makinawo msana uli chiwongokere, maso ali pamtengo wa kutsidya kuti mzere usakhote.

Koma mzere umodzi suoneka. Chigudumu chakumbuyo chimagoneka udzu mbali imene ukupita, ndiye kuti mzere uwale pafunika unzake wobwerera, wakuda pang'ono, pambali pake. Sipanala anatembenuka n'kubwerera. Mizere iwiri inaoneka ngati yamasiye. Anawonjeza wachitatu. Tcheya ankathamanga m'mbali mwa kapinga akuloza pamkono pomwe panalibe wotchi, koma Sipanala anali atapita kutali, kubwalo lake lakale, masiku amene ankabwera kunyumba ali ndi fungo la udzu mkazi wake n'kumulandira chikwama pakhomo.

Anali atadutsa theka la bwalo pamene hutala inalira pageti.

A Dokotala sanafulumire kubwera ayi. Tsitsi anakonzetsa lonse, anadutsa ndi kumsika komwe. Ochedwa anali akubawo. Galimoto yawo inalowa m'kanjira kopapatiza kaja n'kudzaima kumbuyo kwenikweni kwa pikapu, mpata wotsala wongokwana mphaka.

Anatsika mai wachikulire, wamfupi, wa magalasi. Tcheya anatulutsa tayi msangamsanga n'kuyamba, "Mai, ife ndi a kampani, makasitomala athu..." koma maiwo anamudutsa ngati mtengo. Anakaima m'mphepete mwa kapinga akuyang'ana mizere ija. Kenako anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Sipanala anazimitsa injini.

"Chimwalirire amuna anga, kapingayu sanaonekepo chonchi," anatero a Dokotala. "Makinawa anali awo. Loweruka lililonse ankatchetcha okha, ine nditakhala pakhonde apo ndikuwanena kuti akukonda udzu kuposa ine. Bambo, mwawatani?"

"Anangotalikirana mipeni, mai. Ndi kunola pang'ono. Makinawa ndi abwino, angakhale zaka zina zambiri. Koma asamatsukidwe ndi madzi n'kusiyidwa onyowa, ndipo musanatchetche muziyamba mwatola miyala."

"Kukampaniko amakusamalani bwino?"

Sipanala anayang'ana Tcheya. "Ayi, mai. Kwenikweni ndine waganyu chabe."

"Ndiye bwana wanuyu andikhululukire, ndikulandani pamaso pake. Ndikufuna munthu wa m'dimba, wokhazikika. Kuseri uko kuli nyumba ya zipinda ziwiri, ili ndi madzi ndi magetsi. Muli ndi banja?"

"Mkazi ndi ana, mai."

"Abwere. Lolemba muyambe."

Sipanala anaomba m'manja mothokoza. Anagwada pakapinga pomwepo, misozi ikutsika osaibisa. Anapempha kuti aimbe kaye foni, ndipo mwaphuma nambala ya mkazi wake anailakwitsa n'kuyambiranso.

"Mai a ana, ndapeza ntchito. Eya, ntchito yeniyeni, ya kapinga. Ndi nyumba yomwe. Lolemba."

Kumbali inayo kunamveka kulira, kenako kuseka. "Bambo a ana, mukunena zoona? Mayo ine! Ndiye sutikesi ija ndisamasule, tingosamukira nayo komweko!"

Tcheya anali ataona kale kuti zoba makina zalephereka, koma khomo la kuthawira linali lotseguka. Anakonza tayi. "Mai, kampani yathu ikusangalala kukupatsani munthu ameneyu kwaulere. Mukangosuntha galimoto pang'ono, ife tizipita."

"Makiyi ali m'chikwamamu, dikirani," anatero a Dokotala, akupisa dzanja.

Pakanangodutsa kamphindi kamodzi, nkhani ino ikanathera pabwino. Koma Sipanala chimwemwe chinali chitamukwera kumutu, ndipo munthu wonyadira ntchito yake safuna kuti ayamikiridwe theka.

"Mai, musaone mizere yokha. Makina odula bwino amadziwika ndi udzu umene adula. Ukakhala wong'ambika, ndiye kuti pali vuto. Koma uwu, taonani nokha, uli ngati masamba a tiyi."

Maginito anatsokomola. Anatsokomolanso mwamphamvu. "Madala, musadetse pakhomo pa eni..."

Sipanala anali atakolola kale bokosi lija. Anadabwa pang'ono kulemera kwake, koma anati mwina ndi chinyezi. Anapita nalo pasimenti, patsogolo pa mapazi a a Dokotala, n'kulikhuthula ndi manja awiri monyadira.

Udzu unatsika wofewa, wobiriwira. Pambuyo pake panatsika phokoso. Ngwe-ngwerengwe! Supuni zasiliva zinamwazika mpaka kunsi kwa pikapu. Kenako limoti ya wailesi ya kanema, botolo la mafuta onunkhira, magalasi ena a a Dokotala, kabelu ka patebulo. Pomalizira panagubuduka wotchi yapamkono yagolide, n'kudzaima pansapato ya mwini nyumba.

Maso onse anagwera pamulu uja.

"Aa!" anatero Maginito, atagwira pakamwa. "Zinthuzi zafika bwanji m'menemu? Makinawa amatola ndi supuni zomwe?"

A Dokotala anawerama n'kutola wotchi ija, naipukuta udzu ndi chala. "Iyi inali pambali pa bedi langa," anatero motsitsa. "Ya amuna anga."

*

Zotsatira zinachitika mothamanga. Mlonda anakoka geti, nakhoma loko, nabwerera n'kumugwira Maginito pakolala ndi dzanja limodzi. Kamunthuko kanapalasa miyendo m'malere, ndipo m'mwendo wa ovolosi munagwa kasupuni kena kamene ngakhale Maginito mwini wake anali atakaiwala.

Tcheya analumphira m'pikapu n'kuliza injini. Kumbuyo kunali galimoto ya a Dokotala, kutsogolo shedi, kumanzere mpanda. Njira inali imodzi yokha, kudutsa pakapinga, kuzungulira, n'kukagumula geti. Anapotoza chiwongolero, matayala akutsogolo n'kuloza mizere ija.

Sipanala sanaganize. Thupi linangopita lokha. Analowetsa dzanja pawindo, nazimitsa injini, nazula makiyi.

"Pakapinga ayi! Mwapenga? Ndangomutchetcha kumene!"

Tcheya anamuyang'ana, pakamwa pali yasa. "Alamu. Alamu! Mwazula makiyi a galimoto yothawira. Inunso mumayenera kukwera momwemu!"

Apa m'pamene Sipanala anayang'ana makiyi m'dzanja lake n'kuzindikira chimene wachita. Mlonda anafika n'kuwalandira mwaulemu, nati zikomo.

A Dokotala anaimbira kampani ija, ndipo kampani inati sinatume munthu aliyense. Anaimbira apolisi. Podikira, atatuwo anawakhazika pasimenti pafupi ndi mulu wa udzu, Tcheya akutukwana Maginito, Maginito akuti wolakwa ndi amene anakhuthula bokosi. Sipanala anangozolika.

A Dokotala anadzaima patsogolo pake.

"Bambo, ndiyang'aneni. Za supunizi mumazidziwa?"

"Ayi, mai. Ndikulumbira."

"Ndakukhulupirirani. Nanga munabwera kudzatani pakhomo panga?"

Akanatha kunama. Tcheya anali kumuponda chala kuti aname. Koma Sipanala anayang'ana makina aja, atsukidwa, akuwala padzuwa.

"Tinabwera kudzaba makinawo, mai."

"Makina a amuna anga."

"Eya, mai."

"Ndiye munawakonzeranji?"

"Anali kuvutika, mai."

Maiwo anapukusa mutu nthawi yaitali. "Mukanangogogoda pageti n'kupempha ntchito, ndikanakupatsani. Ndakhala ndikufunafuna munthu ngati inu. Za nyumba ija ndimanena zoona." Anatembenuka n'kulowa m'nyumba, wotchi ija ili m'manja.

Apolisi atafika anayamba aima kaye kuyamikira kapinga. Wamkulu wawo anafunsa kuti theka linalo atsiriza ndani, koma palibe anaseka kupatula Maginito. Anawalanda mafoni ndi malamba, ndi tayi ya Tcheya yomwe, n'kuwakweza kumbuyo kwa galimoto.

Asanatuluke pageti, foni ya Sipanala inalira m'dzanja la wapolisi wamkulu uja. Iye anayang'ana dzina, nayang'ana mwini foni, nayankha mokweza kuti onse amve.

"Bambo a ana!" Mawu a mkazi wa Sipanala anali owala, kumbuyo kukumveka ana akukuwa. "Ndawauza achemwali kuti sitibweranso. Ana akufunsa ngati kuli mtengo wokwera. Ndiye tandiuzani, Lolembalo akakupatsani yunifomu, kapena ndikusitireni shati yoyera ija?"

Wapolisi anakanda kumutu. Nkhope yake inasintha pang'ono, chifukwa nayenso anali ndi mkazi kunyumba.

"Mai, ndine wapolisi," anatero. "Shatiyo isiyeni. Mungobwera kupolisi ndi bulangeti."

Kufoniko ana anapitiriza kukuwa kanthawi, kenako wina anawaletsa. Sipanala anadikira kuti mkazi wake akalipe, atukwane, afunse chimene chachitika. Sanafunse kanthu. Kunangomveka kupuma kumodzi kwakutali, foni n'kuduka.